Yesu sadikira kuti uchire kaye maganizo

Pali anthu ambiri m'matchalitchimu amene Lamulungu amabwera atavala bwino, akuimba nawo, ena mpaka ndi omwe akutsogolera nyimbo kumene, koma akabwerera kunyumba nkutseka chitseko amangokhala pansi nkumalira osadziwa kuti akulira chani. Ena tulo anasiyana nato kalekale, ena kudzuka pa bedi mmawa ndi nkhondo, ena mtima umangoyamba kugunda mwamphamvu, thukuta kamukamu, mpweya kubanika ngati afa pompo pomwe palibe chilichonse chachitika. Ndikulembera anthu amenewa komanso amene amakhala nawo pafupi, chifukwa ine ndinadutsamo ndipo ndikudziwa kuti pamwamba pa matendawo pamabwera katundu wina wolemera kwambiri, maganizo oti Mulungu wakutaya chifukwa cha mmene uliri.

Ndiyambe nkunena kuti depression ndi matenda, nkhawa yopitirira muyeso nayo ndi matenda, sikuti munthu wangokhumudwa tsiku limodzi chifukwa zinazake sizinayende. Madokotala amati munthu akatha milungu iwiri kapena kupitirira apo ali wachisoni pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kapena zinthu zomwe ankazikonda sizikumusangalatsanso, kuphatikizapo kusowa tulo kapena kumangogona, kusafuna kudya kapena kudya mosalekeza, kufooka, kulephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi, kudziona ngati wachabechabe mpaka kumaganiza zoti bola kufa, ameneyo akufunika thandizo. Zoyambitsa zake nzambiri ndipo kawirikawiri zimakumana pamodzi, ena ndi zakumtundu, ena imfa ya okondedwa, nkhanza zomwe anakumana nazo ali ana, matenda okhalitsa mthupi, ngongole, kutha kwa ntchito kapena banja, amayi ena zimawagwira atangobereka kumene. Ndipo pali ena oti olo mufufuze bwanji simupeza chifukwa, banja lili bwino, ntchito ili bwino, koma mdima wangofika basi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati mu 2019 munthu mmodzi mwa anthu 8 aliwonse, kutanthauza anthu pafupifupi 970 miliyoni, anali ndi vuto lina la maganizo, ndipo a depression okha anali pafupifupi 280 miliyoni. Nde mukakhala pa benchi Lamulungu likubwerali muwerenge anthu a mzere wanu, muona nokha kuti nkhaniyi siili patali.

Koma tamvani zimene timawauza. Pempherani kwambiri. Chikhulupiriro chanu nchochepa. Mkhristu sakhala ndi nkhawa. Mwina pali tchimo lomwe simunalape. Limbani mtima, alipo ena ali pamavuto kuposa inu. Ine mawu onsewa ndinawamva, kuchokera kwa anthu abwino ndithu omwe ankandikonda, ndipo ndikudziwa kuti sankafuna kundipweteka, ankangosowa chonena. Koma mawu amenewa akagwera munthu amene mutu wake ukumuuza kale usana ndi usiku kuti ndiwe wolephera, amangomuwonjezera mlandu. Umayamba kuganiza kuti ngati pemphero limachotsa zimenezi ndipo ine ndapemphera mpaka kusala kudya koma sizikuchoka, ndiye kuti vuto ndine, Mulungu sakundifuna. Kenako umasiya kunena. Wina akafunsa kuti muli bwanji umangoti ndili bwino kaya inu, nkumadwala wekhawekha mkatimu.

Chomwe chinandithandiza ine, pambali pa achipatala omwe ndinena za iwo kutsogoloku, ndi kuwerenga Mauthenga Abwino pang'onopang'ono ndili ndi funso limodzi lokha, kodi Yesu akakumana ndi munthu wosweka amayamba ndi chani? Nthawi imeneyo sindinkatha kuwerenga zambiri, mavesi ochepa chabe mutu watopa kale, koma zochepa zomwezo zinandionetsa Yesu wosiyana ndi amene ndinkamuopa mmaganizo mwanga.

Ndinaima nthawi yaitali pa Getsemani. Mateyu 26 akutiuza kuti usiku umene anagwidwa, Yesu anatenga Petro ndi ana awiri a Zebedayo nkuwauza poyera kuti mtima wake wadzaza ndi chisoni mpaka kufuna kufa nacho, ndipo anawapempha kuti akhale pomwepo, akhale maso pamodzi naye. Taganizani abale, Mwana wa Mulungu, wopanda tchimo lililonse, amene chikhulupiriro chake palibe angachikayikire, akuuza anzake kuti zandivuta musandisiye ndekha. Sanabise ndipo sananamizire kulimba. Anagwa chafufumimba nkupemphera katatu konse mawu omwewomwewo. Luka, yemwe anali dokotala, akuwonjezera kuti mngelo anabwera kudzamulimbikitsa, koma muwerenge vesi yotsatirayo pa Luka 22:44, mngelo atabwera kale ululu wa mumtima unapitirirabe mpaka thukuta lake linakhala ngati madontho a magazi akugwera pansi. Vesi imeneyi inandimasula kwambiri. Kumwamba kunayankha, thandizo linafika, koma kupweteka sikunachoke nthawi yomweyo. Nanga amene amati ukapemphera moona mtima nkhawa imatha pompopompo, atani nayo Getsemani? Sindikunena kuti Yesu ankadwala depression, Baibulo silikutero, chomwe ndikunena nchakuti amadziwa kuchokera mkati mmene mtima wolemedwa mpaka imfa umamvekera, amadziwanso mmene zimawawira kupempha anzako kuti akhale nawe iwo nkugona tulo. Mpake Aheberi 4:15 akuti Mkulu wa ansembe wathu si woti sangamve nafe chifundo pa zofooka zathu.

Pali vesi ina yomwe imalalikidwa mwa apo ndi apo, Marko 3:21. Anthu atamuunjirira Yesu mpaka iye ndi ophunzira ake kulephera kudya, abale ake ananyamuka kuti akamugwire chifukwa ankati wazungulira mutu. Pa Yohane 10:20 ambiri ankati ali ndi chiwanda, wapenga, mukumumvereranji. Mawu omwewo amene anthu amaponyera odwala maganizo lero iye anaponyeredwa, ndipo ena anachokera kwa achibale. Ngati anthu akukunong'onezanani, ngati maganizo anu pa zokambirana za pabanja sakuwerengedwanso chifukwa choti paja awa mutu wawo, dziwani kuti Ambuye wanu anamva kuwawa kwa dzina limenelo.

Ndipo pa manda a Lazaro analira. Ankadziwa kuti posachedwa amudzutsa, anali atamuuza kale Marita kuti mlongo wako adzauka, koma ataona Mariya akulira ndi anthu akulira sanawauze kuti tontholani mulibe chikhulupiriro, analira nawo kaye.

Nkhani ya munthu wa ku dera la Agerasa pa Marko 5 ndiifotokoze mosamala chifukwa yagwiritsidwa ntchito molakwika kwambiri. Baibulo likunena momveka kuti vuto la munthu ameneyu linali mizimu yoipa, ndipo ine sindikuti aliyense wodwala maganizo ali ndi ziwanda, ayi ndithu, kaganizidwe kameneko kawononga anthu ambiri omwe akanachira akanapita kuchipatala msanga. Mateyu 4:24 yemwe, potchula anthu omwe ankabwera nawo kwa Yesu, amasiyanitsa ogwidwa ziwanda, akhunyu ndi ofa ziwalo, sawaika mgulu limodzi. Chomwe chimandigwira mtima pa nkhaniyi ndi mmene anthu ankamuchitira munthuyu ndi mmene Yesu anamuchitira. Anthu njira yawo inali maunyolo ndi matangadza, zitakanika anangomusiya kumanda, usiku ndi usana akufuula ndi kudzivulaza, Luka akuti anali atatha nthawi yaitali osavala komanso osakhala mnyumba. Yesu anawoloka nyanja usiku, namondwe anatsala pang'ono kumiza bwato, anafika tsidya linalo, ndipo mukawerenga bwino muona kuti atangothandiza munthu mmodziyu eni dera anamupempha kuti achoke, iye nkukweranso bwato kubwerera. Ulendo wonse uja woopsa chonchija unali wa munthu mmodzi amene aliyense anali atamutaya.

Anthu atabwera anamupeza atakhala pansi, atavala, nzeru zake zili bwinobwino. Atavala! Ulemu wake unabwezedwa pamodzi ndi nzeru zake. Atapempha kuti apite naye limodzi, Yesu anamuuza kuti apite kwawo kwa abale ake akawauze zazikulu zomwe Ambuye amuchitira, ndiye kuti kuchira kwake kunaphatikizapo kubwerera pakati pa anthu. Ife nthawi zambiri munthu olo atachira timamusungabe patali, udindo womwe anali nawo mumpingo sitimubwezeranso, mawu ake timawamva ndi khutu limodzi, pomwe Yesu munthu ameneyu anamukhulupirira ndi uthenga ndipo anakalalikira ku Dekapoli konse.

Mtima womwewu wa Mulungu timauona kale m'Chipangano Chakale, ndipo nkhani ya Eliya pa 1 Mafumu 19 ndi yomwe ndimabwererako kawirikawiri. Munthu uyu anali atangochoka pa phiri la Karimeli pomwe anaima yekha pamaso pa aneneri a Baala 450, moto unatsika kumwamba, mvula inagwa patatha zaka za chilala. Chikhulupiriro chochepa chili pati pamenepa? Koma Yezebeli atangomutumizira uthenga woti amupha, anathawa mpaka ku Beereseba, nkumusiya mnyamata wake kumeneko, iye kulowa yekha mchipululu ulendo wa tsiku lathunthu, kukhala pansi pa kamtengo nkupempha kuti afe. Anati kwakwana, chotsani moyo wanga, sindine woposa makolo anga. Amene anadutsamo awazindikira mawu amenewa, kudzipatula, kutopa kotheratu, kudziona wopanda pake, kufuna kuti zonse zingotha.

Mulungu sanamupatse ulaliki. Anamulola kugona, kenako mngelo anamukhudza nkumuuza kuti dzuka udye, kumutu kwake kunali mkate wootcha ndi mtsuko wa madzi. Anadya, anamwa, anagonanso, ndipo palibe anamukalipira kuti mneneri wanji wongogona. Mngelo anabweranso kachiwiri ndi mawu omwe ine ndimawakonda kwambiri, akuti dzuka udye chifukwa ulendowu wakukulira. Mulungu akuvomereza kuti ulendo wakula, sakuuchepetsa. Anayamba ndi thupi, tulo, chakudya, madzi, zokambirana zinabwera patapita masiku 40 ku phiri la Horebu. Kumeneko anamufunsa kuti ukutani kuno Eliya, iye nkukhuthula zonse, ndatsala ndekha, akufuna kundipha. Kunabwera mphepo yamphamvu, chivomezi, moto, kenako kamawu kakang'ono kofatsa, ndipo atafunsidwanso funso lomwelo Eliya anayankha mawu omwewo osasintha ngakhale limodzi. Mulungu atamuyandikira chonchija, maganizo ake anali asanasinthebe, koma Mulungu sanatope naye. Anamuwongolera mofatsa kuti sali yekha, alipo anthu 7,000 omwe sanagwadire Baala, anamupatsa ntchito yoti achite komanso mnzake woyenda naye, Elisa. Ndipo munthu ameneyu amene anapempha imfa pansi pa kamtengo ndi yemwe pa Mateyu 17 akuoneka pa phiri akuyankhula ndi Yesu pamodzi ndi Mose. Tsiku loipa lija silinamuchotse pamaso pa Mulungu.

Nkhani ya kupemphera nayo ndiyofunika kuinena, chifukwa matendawa amakulanda ngakhale pemphero. Umagwada mawu osabwera, umatsegula Baibulo zilembo zikungoyandama, nyimbo zomwe zinkakugwetsa misozi yachimwemwe umazimva ngati phokoso. Ndiye umadziimba mlandu kuti wabwerera mmbuyo. Salimo 88 linandithandiza pamenepa. Masalimo ambiri odandaula amayamba ndi kulira nkuthera pa chiyembekezo, koma ili, lolembedwa ndi Hemani, limayamba mumdima nkuthera mumdima momwemo, akuti ndakhala ndikuzunzika kuyambira ubwana wanga, mwandichotsera abwenzi ndi anansi, chomwe chatsala ndi mdima basi. Palibe aleluya kumapeto. Koma Mulungu analola kuti pemphero lotere likhale mbuku la nyimbo la anthu ake, kuti wina akadzafika pomwepo adzapeze mawu. Yesu mwini ali pamtanda anafuula mawu oyamba a Salimo 22, kufunsa Mulungu chifukwa chake wamusiya. Nde ngati pemphero lanu lero ndi lakuti Ambuye muli kuti, limenelo ndi pemphero ndithu, ndipo ngati olo limenelo likukanika, Aroma 8:26 akuti Mzimu amatipempherera ndi kubuula kosatheka kuneneka.

Ena anena kuti nanga Afilipi 4:6 sakuti musade nkhawa ndi kanthu kalikonse? Akutero, ndipo ndi mawu okoma, ine ndimawakonda. Koma Paulo anawalemba ngati chiitano choti tibweretse nkhawa zathu kwa Mulungu, sanawalembe kuti tizikwapulira nawo odwala. M'kalata yomweyo, chaputala 2, akunena za Epafrodito yemwe anadwala mpaka pafupi kufa, akuti Mulungu anandichitira chifundo kuti ndisakhale ndi chisoni pamwamba pa chisoni, ndipo akumutumiza msanga kwa Afilipi kuti iye Paulo mtima wake upepukidweko. Pa 2 Akorinto 1:8 akuuza mpingo wonse kuti ku Asiya tinalemedwa kopitirira mphamvu zathu mpaka tinataya chiyembekezo choti tikhala ndi moyo. Pa chaputala 7 akuti kunja kunali mikangano, mkati munali mantha, koma Mulungu amene amatonthoza opsinjika anatitonthoza ndi kufika kwa Tito. Mwaona? Chitonthozo cha Mulungu chinafika kudzera mwa munthu amene anayenda ulendo nkudzakhala naye.

Atumiki ena odziwika anadutsamonso. Charles Spurgeon, mlaliki wa ku London yemwe anthu zikwizikwi ankadzaza kudzamumvera m'zaka za m'ma 1800, mu October 1856 ali ndi zaka 22 anali pa guwa mu holo ya Surrey Gardens pomwe anthu ena anakuwa kuti moto, khamu linathamangira kumakomo ndipo anthu 7 anafa. Zinamusokoneza kwambiri moti anakhala kaye osalalikira, ndipo moyo wake wonse mdima umenewu unkabwerabwera, kuphatikiza matenda a mthupi omwe ankamuzunza. Chomwe ndimamulemekezera nchakuti sankabisa, ankazinena pa guwa komanso kwa ophunzira ake omwe ankakonzekera ubusa, kuti zikadzawagwera asadzaganize kuti Mulungu wathana nawo. Ndimalakalaka abusa athu ambiri akanamayankhula chonchi, chifukwa nawonso amadwala ndipo iwo ndi amene amasowa kwambiri kokanena.

Tsopano za kuchipatala. Kupita kwa dokotala kapena kwa phungu si kusowa chikhulupiriro. Munthu wa shuga sitimuuza kuti ataye mankhwala ake kuti aonetse kuti amakhulupirira, timamupempherera uku akumwa, nanga ubongo si chiwalo cha thupi lomwelo? Yesu mwini anati odwala ndi amene amafuna dokotala, ndipo mu fanizo la Msamariya wachifundo uja, chifundo chake chinaoneka pothira mafuta ndi vinyo pa mabala, kumanga mabalawo, kumunyamula wovulalayo kupita naye pamalo poti asamalidwe, nkulonjeza kuti adzabweranso kudzalipira zotsala. Kumutengera munthu kwa amene angamuthandize bwino kuposa iwe ndi mbali ya chifundo chomwe Yesu anatiphunzitsa.

Si onse amafunika mankhwala, ambiri amathandizika ndi uphungu, kukhala pansi ndi munthu wophunzira ntchitoyi amene amakuthandiza kuona mmene maganizo ako akuyendera nkuyamba kuwawongola pang'onopang'ono. Ena amafunika zonse ziwiri. Chomwe anthu ambiri sauzidwa bwino nchakuti mankhwala a depression sagwira tsiku lomwelo, amatenga milungu ingapo kuti uyambe kumva kusintha, masiku oyambirira mwina ukhoza kumva nseru kapena chizungulire, ndipo nthawi zina oyamba sakuyanja mpaka dokotala asinthe ena. Ukayamba kupeza bwino suyenera kusiya wekha mwadzidzidzi, kawirikawiri amafuna upitirize kwa miyezi ingapo kuti matenda asabwerere, ndipo posiya amachepetsa pang'onopang'ono. Pali matenda ena aakulu a maganizo ngati bipolar ndi schizophrenia oti munthu amamwa mankhwala kwa nthawi yaitali, ena moyo wonse, nkumagwira ntchito, kulera ana ndi kutumikira Mulungu bwinobwino. Chonde chonde, wina akakupemphererani nkukuuzani kuti mwachira tayani mankhwala, landirani pempherolo koma za mankhwalazo mukakambirane ndi dokotala wanu. Yesu atachiritsa wakhate anamutuma kuti akadzionetse kwa wansembe, amene pa nthawiyo anali ndi udindo woyeza ndi kutsimikiza kuti khate latha. Machiritso enieni saopa kuyezedwa.

Kwa inu amene mukukhala ndi munthu wodwala, ndikudziwa kuti nzotopetsa. Mumayankhula iye osayankha, mumamuitana kocheza iye kukana, nthawi zina amakukalipirani popanda chifukwa, ndipo mumafika posowa pogwira. Anzake a Yobu anachita bwino kwambiri masiku 7 oyambirira, anakhala naye pansi usana ndi usiku osanena kanthu chifukwa anaona kuti kuvutika kwake kunali kwakukulu. Zinthu zinaipa atayamba kufotokoza chifukwa chomwe akuvutikira, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu anawakwiyira iwowo. Ophunzira a Yesu nawo ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa kuti anachimwa ndani, iyeyu kapena makolo ake, Yesu anati palibe. Ndiye simukuyenera kukhala ndi yankho. Khalani naye, mufunseni ngati wadya, mutengeni mukayendeko panja pang'ono, mukumbutseni tsiku la kuchipatala, mutumizireni kameseji olo asayankhe, amawerenga ndithu ndipo kamamugwira mtima ngakhale alibe mphamvu yoyankhira. Zomwe wakuuzani musakazisandutse nkhani ya gulu la mapemphero iye asanavomere, anthu ambiri anasiya kuulula chifukwa chinsinsi chawo anachimva chikutchulidwa pagulu ngati chopempherera.

Pa Marko 2 pali munthu wofa ziwalo amene sakanatha kufika kwa Yesu yekha, anzake anayi anamunyamula, atapeza pakhomo padzaza anasasula denga nkumutsitsa. Baibulo likuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo. Pali nyengo zina zoti wodwala sangathe kukhulupirira kuti mawa kudzakhala bwino, matendawo amachotsa mphamvu imeneyo, ndipo pamenepo ena amamukhulupiririra kufikira atadzatha yekha. Anali anayi, osati mmodzi, paja mutu umodzi susenza denga, nde musanyamule nokha mpaka inunso kudwala, pezani ena odalirika muzilandirana ndipo inunso muzipuma.

Pali chinthu chimodzi chomwe timaopa kutchula koma tiyenera. WHO imati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lonse, ndipo ena mwa iwo ndi abale athu mwa Khristu. Munthu akamanena kuti ndatopa ndi moyo, bola ndikanapanda kubadwa, mupumula ndikachoka, musamutenge ngati akufuna kuti anthu amuone. Mufunseni mwachindunji komanso mofatsa ngati akuganiza zodzipha. Ambiri amaopa kuti kufunsa kumuika maganizowo mmutu, koma akatswiri a za maganizo amati sizili choncho, nthawi zambiri munthuyo amapepukidwa kuti wina wamuona. Akavomera musamukalipire kapena kumuopseza ndi gehena, musamusiye yekha, chotsani pafupi naye zinthu zomwe angadzipwetekere, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Mabanja omwe anataya wokondedwa mwanjira imeneyi nawonso amafunika mpingo uwakumbatire, chisoni chawo nchachikulu kale ndipo mafunso ali nawo ambiri, asamawonjezeredwe ziweruzo zathu.

Mateyu 12 akugwira mawu a mneneri Yesaya ponena za Yesu, kuti bango lophwanyika sadzalithyola ndipo nyali yofuka sadzaizima. Ine pa nthawi yanga yovuta ndinkaganiza kuti ndiyenera kudzikonza kaye, ndiyambirenso kupemphera mwamphamvu, ndiyambirenso kumva chimwemwe, kenako ndibwerere kwa iye. Koma paliponse pomwe ndinawerenga iye ndi amene ankayamba kuyandikira, anthu akadali mmene aliri. Awiri aja a ku Emau anayenda nawo ali ndi nkhope zachisoni, asakumuzindikira nkomwe, nkuwafunsa kuti mukukambirana chani. Tomasi anatha sabata yathunthu akukayika ndipo Yesu anabweranso chifukwa cha iye. Petro amene analira kwambiri atamukana katatu anamupeza kunyanja nkumukonzera chakudya asanamufunse ngati amamukonda. Oitanidwa pa Mateyu 11:28 ndi otopa ndi olemedwa, ndipo palibe pomwe pakuti atule kaye katunduyo asanabwere.

Sindikulonjezani kuti zitha liti. Ena amachira nkusadzadwalanso, ena zimapita nkubweranso, ine pali nyengo zomwe ndimaona zizindikiro zikuyamba ndipo ndimadziwa kuti ndiyenera kuuza anthu anga msanga, kusamala tulo, kupewa kudzitsekera ndekha, ndi kubwerera kwa achipatala zikapitirira. Mowa ndi zoledzeretsa zina zimaoneka ngati zikuziziritsa mutu kwa kanthawi koma mawa lake mdima umakula, chonde musathawireko.

Ngati lero zakuvutani kwambiri, sankhani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, mumuimbire foni kapena mumulembere meseji yachidule yoti sindili bwino ndikufuna ubwere. Ngati woyambayo sakumvetsa yesani wina. Ndipo ngati mukuganiza zodzipweteka musadikire kuti kuche, pitani kuchipatala chomwe chili pafupi panopa, mukaopa kupita nokha mupempheni yemweyo akuperekezeni ndipo akakuthandizeni kufotokoza ngati mawu akukuvutani.